Chaka Chimene a Mailosi Anali ndi Mwana

A Mailosi Nkhoma analowa m'dziko la Zimbabwe ali pamsana pa mayi awo. Makolo awo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito pafamu ya fodya cha ku Marondera, ndipo iwo anakulira pomwepo. Atakula anabwera ku Chitungwiza n'kulowa ntchito pafakitale yoomba nsalu. Fakitaleyo itatsekedwa anayamba kusoka nsapato pakhonde la sitolo ina pamsika wa Makoni, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu, singano n'kumalowa m'chala m'malo molowa m'chikopa.

Mwana anabereka mmodzi yekha, Pearson, ndipo ndi amene anatsogola, m'zaka zija achinyamata ankaikidwa m'manda sabata ndi sabata. Akazi awo, a Rosemary, sanakhalitse pambuyo pake. Anzawo achishona akakalamba ankalongedza katundu n'kubwerera kwawo ku Murehwa kapena ku Buhera. A Mailosi analibe kolowera. Ku Dedza ankangokumva m'makutu, ndipo ngakhale dzina la mudzi ankalitchula mokayikira.

Ankakhala kudera la Unit D, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi Hafsa, mayi wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Mayi Hafsa ankagulitsa zitenje pa Makoni. Awiriwa akakumana pampopi m'mawa ankapatsana moni m'Chinyanja, a Mailosi n'kumawaitana amake Luqman, mayiwo n'kumawaitana bambo. Pamzere wonse wa nyumbazo, chilankhulocho chinkamveka pabwalo limenelo lokha.

Loweruka lina kumayambiriro kwa chaka, mlembi wa kutchalitchi anauza okalamba onse kuti asonkhane muholo chifukwa kukubwera alendo. A Mailosi anapita. Anapeza achinyamata ovala masikipa achikasu akutsitsa katundu m'lole. Anali antchito a kampani ina ya ku Harare yopanga mafuta ophikira. Bwana wawo anayankhula nthawi yaitali, Chingerezi chosakaniza ndi Chishona, ndipo mawu amodzi ankabwerabwera m'kamwa mwake: adoputi, adoputi. Atamaliza, wachinyamata aliyense anapita kwa wokalamba mmodzi.

Kwa a Mailosi kunabwera mtsikana wamfupi, wa mpata kumano. Anagwada pasimenti n'kuwomba m'manja.

"Makadii, sekuru?" anawapatsa moni wa Chishona wolonjera agogo. Kenako anapitiriza m'Chishona chomwecho. "Dzina langa ndine Charmaine. Ine ndi amene ndakuadoputani. Kuyambira lero ndinu anga."

Anawafunditsa bulangete latsopano pamapewa, wina anajambula chithunzi, anthu anawomba m'manja. A Mailosi anabwerera kunyumba atasenza thumba la ufa, shuga, sopo ndi botolo la mafuta, koma chimene chinkawalemera chinali mawu aja. Chingerezi chawo chinali cha pafamu ndi cha mufakitale, cholamulirana ndi chowerengera katundu. Mawu amenewa anali asanakumane nawo.

Madzulo ake anapeza mayi Hafsa akupinda zitenje pakhonde.

"Amake Luqman, inu mumacheza ndi anthu ambiri. Kuadoputa n'kutani?"

Mayi Hafsa anaganiza kaye. "Mwana wa mchemwali wanga ku Joni anachita zimenezo. Analibe mphatso ya ana. Anakatenga khanda lopanda makolo, boma n'kuvomereza. Panopo ndi mwana wake, dzina anatenga lake, akamwalira adzamulira ndi iyeyo."

"Ndiye kuti n'kulera."

"Kuposa kulera. Wolera amadziwa kuti eni ake adzabwera. Uyu sabwezedwa."

A Mailosi anakhala pansi pa njerwa. "Nanga pamenepa mwana ndi ndani? Ine kapena iyeyo?"

"Mufunsane nokha," anaseka mayi Hafsa.

A Mailosi nawonso anaseka, koma atalowa m'kachipinda kawo anayala bulangete lija pabedi n'kukhala nthawi yaitali akulisisita.

Mwezi utatha galimoto ya kampani inabwera ndi thumba lina, Charmaine ali momwemo. Sabata yotsatira anabweranso, ulendo uno wapansi, wopanda sikipa yachikasu. Anati amakhala pafupi, ku Unit A, ndi mayi ake. Anayang'ana m'chipindamo, anatulutsa zovala zonse n'kuzichapa, anakolopa, n'kuwakalipira chifukwa chosunga mbaula ya makala pafupi ndi bedi. A Mailosi anali ataiwala mmene kukalipiridwa ndi mwana wamkazi kumakomera.

Tsiku lina akufunafuna chivindikiro cha ketulo anadandaula okha m'Chinyanja. "Chinthu chimenechi chili ndi miyendo kapena?"

Charmaine anaseka mpaka anagwira chitseko. Kenako anatola chivindikirocho kuseri kwa ndowa n'kuwapatsa.

A Mailosi anamuyang'anitsitsa. "Iwe, wamva zimene ndanena?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Ndinonzwa," anayankha m'Chishona. Anati amamva zonse, koma lilime limakana kutembenuka.

Ndiye anawafotokozera. Bambo ake, a Albert, anali mwana wa Amalawi a kumgodi wa ku Shamva. Anamwalira iye asanayambe sukulu. Agogo ake aakazi ndi amene ankamuyankhula Chinyanja pomusambitsa ndi pomugoneka. Maliro a bambo akewo atatha, mayi ake, omwe ndi Mshona, anamutenga n'kubwera naye ku Chitungwiza, ndipo kusukulu anakamulembetsa ndi dzina la kwawo kwa mayiwo. Sanafune kuti anzake azimuseka kuti ndi mubhurandaya, dzina lonyoza limene anthu amaitanira ochokera ku Malawi.

"Mfunda wa bambo ako unali chiyani?" anafunsa a Mailosi.

Charmaine anapukusa mutu. Sankadziwa.

"Palibe kanthu. Ine ndine Nkhoma. Iwe ukhala Nankhoma."

Kuyambira pamenepo ankamuitana choncho, ndipo iye ankavomera. Macheza awo ankadabwitsa anthu odutsa: nkhalamba ikuyankhula Chinyanja, mtsikana akuyankha Chishona, onse akumvana bwinobwino. Charmaine anawaperekeza kuchipatala cha maso, ndipo anabwerako ndi magalasi ochindikala. A Mailosi anayambanso kuona nkhope za anthu ali patali. Anatulutsa zipangizo zawo pansi pa bedi n'kusoka nsapato za Charmaine zonse, ngakhale zimene zinalibe vuto. Anayambanso kupita pa Makoni, pansi pa mtengo pamene madoda anzawo ankasewera bawo, ndipo pakati pa masewera ankapeza njira yolowetsa nkhaniyo.

"Mwana wanga wandiletsa shuga wambiri," ankatero. "Mwana wanga akuti Lamlungu tipita kukaona damu."

Mnzawo wina, a Naison, anawafunsa tsiku lina. "Mwana uti, a Nkhoma? Paja mwana wanu tinaika limodzi."

"Uyo anali woyamba," anayankha a Mailosi, n'kutola njombwa zawo m'dzenje.

Nyengo yotentha itafika, Charmaine anabwera ndi mnyamata wamtali wovala malaya oyera. Dzina lake anali Admire, ndipo ankagwira ntchito yoyendetsa malole ku Gweru. Mnyamatayo anapereka moni mwaulemu, anakana mpando n'kukhala pandowa yovundikira, anamwa tiyi. Atatuluka kukayankha foni, Charmaine anasendera pafupi.

Anati Admire akufuna kutumiza anthu kwawo, adzapereke roora, malowolo a Chishona. Anati akuchita mantha, chifukwa atsikana anzake pa tsiku lotero amakhala ndi bambo awo.

"Nanga iwe ulibe?" anafunsa a Mailosi.

Charmaine anamwetulira, anagwira dzanja lawo. "Ndimi baba vangu," anatero. Ndinu bambo anga.

Ananena mopepuka, monga mmene munthu amanenera pofuna kusangalatsa nkhalamba. A Mailosi sanamve kupepukako. Tsiku lotsatira anatsegula sutikesi ya a Rosemary, imene anali asanaigwire chimwalirire mayiwo, n'kutulutsa jekete yakuda imene anavala pa ukwati wawo wa kutchalitchi. Njenjete zinali zitaboola kolala. Anapita nayo kwa mayi Hafsa.

"Mungandisokere apa? Maso anga amatha chikopa chokha, nsalu yakuda imandisokoneza."

"Kuli ukwati?"

"Nankhoma akulowoledwa."

Mayi Hafsa anaitembenuza jeketeyo. "Akuuzani tsiku?"

"Adzandiuza. Zinthu zotere zimafuna kukonzekera."

"Mayi ake munakumana nawo?"

"Tidzakumana konko."

Mayi Hafsa anasoka kolalayo, anaichapa jeketeyo, anaisita.

Kubawo a Mailosi anasiya kusewera n'kuyamba kufunsa mafunso. Bambo wa mtsikana amakhala mbali iti ya chipinda? Amayankhula yekha kapena amadzera mwa mkhalapakati? Akamuwombera m'manja akamwini amayankha bwanji? Anzawo achishona anawaphunzitsa, ena moseka, ena mwachifundo. Iwo ankabwereza mawuwo panjira yobwerera kunyumba kuti lilime lizolowere.

Khirisimasi inadutsa. Galimoto ya kampani inabwera ndi thumba lalikulu kuposa masiku onse, muli nkhuku ndi mpunga, koma Charmaine munalibe. Woyendetsa anati watanganidwa. Mwezi wotsatira galimoto sinabwere. Charmaine anaonekera kamodzi, mothamanga, sanakhale n'komwe pansi. A Mailosi atafunsa za tsiku lija, anati amalume ake akukambiranabe. Iwo anaona kuti n'zomveka. Jekete inakhalabe pamsomali, itakutidwa ndi pepala lapulasitiki.

Loweruka lina m'mawa, mvula itagwa usiku wake, a Mailosi ananyamuka kupita pa Makoni. Atayandikira pokwerera makombi, maminibasi a kumeneko, anaona masikipa achikasu. Achinyamata aja anali m'mbali mwa msewu, ena akutola zinyalala, ena akupaka penti yoyera pamiyala, ena akukwirira maenje ndi dothi. Anayang'ana nkhope imodziimodzi koma Charmaine panalibe.

Pambali panali chikwangwani chatsopano. Anakonza magalasi n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono. Mawu ambiri anawadutsa, koma amodzi anawazindikira, chifukwa analinso pathumba lililonse limene ankalandira.

Anakodola mnyamata wina amene ananyamula chitini cha penti. Anamukumbukira, anali Fungai, amene tsiku lija muholo anagwada pamaso pa gogo wina wakhungu.

"Mwanangu, apa palembedwa chiyani?" anafunsa m'Chishona.

"Pakuti kampani yathu yaadoputa msewu uno, sekuru. Kuchokera apa mpaka pamphambano paja."

"Msewu?"

"Eya. Chaka chatha tinaadoputa okalamba, chaka chino msewu. Chaka chamawa akuti mwina sukulu, kapena wodi ya kuchipatala. Chaka chilichonse timasankha chimodzi."

"Munthu angaadopute msewu?"

Fungai anaseka, osati mwachipongwe. "Chilichonse, sekuru. Azungu amaadoputa agalu, mitengo, ngakhale njovu za kunkhalango zimene sanazionepo. Kuofesi tikagwirizana mfundo timati taiadoputa. Ndi mawu chabe."

"Nanga gogo wako uja?"

Mnyamatayo anasuntha chitini kuchoka dzanja lina kupita lina. "Pulogalamu ija inatha mu Disembala."

A Mailosi anayang'ana miyala yopakidwa penti, ili pamzere, yonyowa. Kenako anafunsa za Charmaine.

"Lero sabwera. Simunamve? Roora yake ndi lero, kwawo ku Unit A. Ife tipita madzulo tikaweruka pano."

A Mailosi sanabwerere kukatenga jekete. Anaganiza kuti mwina uthenga unatumizidwa koma sunafike, mwina mwana amene anatumidwa anasochera, mwina panopa anthu akhala m'chipinda akudikira iwo. Anayenda mofulumira kuposa mmene miyendo yawo inkafunira, atavala juzi yawo yakale ndi nsapato zamatope. Nyumbayo ankaidziwa, Charmaine anawalozerapo tsiku lina ali mukombi.

Panja panali magalimoto. Kuseri kunkafuka utsi, amayi akuphika m'mapoto akuluakulu. Pakhomo la nyumba panali nsapato zambiri za amuna, ndipo mkati munkamveka kuwomba m'manja kwa pamodzi, kolemera. Mwambo unali utayamba kale.

Mayi wina wovala duku anawaimitsa pageti n'kufunsa kuti akufuna ndani.

"Nankhoma," anatero a Mailosi. Mayiyo sanamve. "Charmaine."

Patapita kanthawi Charmaine anatuluka. Anavala chitenje chatsopano ndi mpango kumutu, ndipo a Mailosi anaona kuti anakongola kwambiri. Atawaona anaima. Nkhope yake inasintha kangapo asanafike pageti. Kumbuyo kwake kunabwera mayi wonenepa wofanana naye kumaso.

"Ndani ameneyu?" anafunsa mayiyo m'Chishona.

"Ndi sekuru aja ndinkakuuzani, mhamha. Amene ndinawaadoputa kuntchito."

"Oo, ndi amenewa." Mayi Florida, mayi ake a Charmaine, anawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza a Mailosi chifukwa chobwera. Anati mwana wawo amawatchula kawirikawiri. Anaitana mtsikana wina kuti abweretse mpando ndi chakudya, kenako anapepesa n'kubwerera m'nyumba, chifukwa alongo awo ankawafuna.

Mpandowo anauika pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi pamene oyendetsa magalimoto anakhala. Charmaine anabweretsa yekha madzi osamba m'manja, anagwada. A Mailosi anawerama.

"Nankhoma, bwanji sunanditumire uthenga? Jekete ndinakonza."

Charmaine anacheuka kuyang'ana kukhomo, kumene azakhali a Admire anaima akucheza. Kenako anayankhula motsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikumanirane anayankhula Chinyanja. Chinatuluka chopindika, chonga cha mwana wamng'ono.

"Pepani, bambo. Musayankhule Chinyanja pano. Abale ake sadziwa."

A Mailosi anali atadikira chaka chonse kuti adzamve chilankhulocho m'kamwa mwake. Anasamba m'manja, anapukuta pajuzi.

"Zvakanaka," anayankha m'Chishona. Chabwino.

Charmaine anaitanidwa m'nyumba. A Mailosi anakhala ndi mbale ya mpunga ndi nyama pamiyendo. Pazenera ankamva mkhalapakati akutchula mawu aja anawaloweza panjira, ndipo mwamuna wina wa mawu aakulu ankayankha pamalo pa bambo. Milomo yawo inkayenda yokha kutsatira mayankhowo. Mmodzi wa oyendetsa magalimoto anawafunsa ngati ali a kuchimuna kapena a kuchikazi. Anati ndi wodutsa chabe. Anadya pang'ono kuti asanyoze chakudya cha eni ake, anaika mbale pampando, n'kutuluka pageti popanda wowaona.

Anafika ku Unit D dzuwa litapendeka. Mayi Hafsa anali atabwerako kumsika. Anaona matope m'miyendo ndi mmene ankakokera phazi, anawapatsa mpando, anawathira madzi m'beseni. A Mailosi anafotokoza zonse, kuyambira pachikwangwani.

"Munandiuza kuti sabwezedwa," anatero pomaliza. Sanali kukalipa.

"Ndinakuuzani zimene ndinkadziwa, bambo. Za msewuzo nanenso ndazimva lero."

"Ndiye ine ndi msewu tili pamodzi."

"Kampani ndi imene inakuikani pamodzi ndi msewu. Mwana uja ankabwera ndi miyendo yake."

"Anandiuza kuti ndikhale chete."

Mayi Hafsa anatenga nsapato zija n'kuyamba kuzipala matope ndi kamtengo.

Masabata otsatira a Mailosi sanapite kubawo. Ankaopa kufunsidwa ndi anzawo aja anawaphunzitsa mayankho. Jekete anaibwezera musutikesi. Ankakhala pakhomo la kachipinda kawo, wailesi ili pamiyendo, osaitsegula.

Charmaine anabwera mvula itatsala pang'ono kusiya. Anaima pakhomo ndi jumbo m'manja, osadziwa ngati alowe. A Mailosi anamulozera ndowa yovundikira ija. Anaika ketulo pambaula okha, ndipo atafuna kuwathandiza anamukaniza.

Charmaine anati akusamukira ku Gweru Lachisanu. Ntchito wasiya. Kenako anayamba kufotokoza za tsiku lija, m'Chishona, mawu akuthamangitsana. Amalume ake ndi amene anakonza zonse. Anati a kuchimuna akamva kuti bambo ake anali Mmalawi ayamba kufunsa za mudzi ndi za mtundu, ndipo palibe amene akanayankha. Admire yekha ankadziwa. Charmaine anafuna kuwaitana a Mailosi, koma mayi ake anafunsa kuti adzakhala pati, ndipo adzatchulidwa kuti ndani.

"Unayankha chiyani?"

"Ndinasowa choyankha."

A Mailosi anathira tiyi m'makapu awiri. "Ndikufunse chinthu chimodzi. Tsiku lija muholo, pamene unkanena kuti wandiadoputa, unkadziwa kuti n'za chaka chimodzi?"

Charmaine anagwedeza mutu kuvomera. Misozi inali itayamba.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaganiza kuti mukudziwa. Aliyense amadziwa kuti ndi mmene timanenera. Kenako nditaona kuti simukudziwa, zinali zitandikomera. Palibe amene anandiitanapo ndi mfunda."

A Mailosi anamuyang'ana akulira. Anali atakonza mawu ambiri m'masabata amenewo, ena owawa, koma anaona kuti amene wakhala pandowayo ndi mwana wamng'ono, wamantha, wopita kwa eni ake kumene sadziwa aliyense. Anamupatsa kapu.

"Imwa usanazizire. Ku Gweru kumazizira, ukagule majuzi. Apongozi ako ukawalemekeze, koma asakakuyese kapolo. Mwamuna akakakumenya usakabise."

"Mwandikhululukira?"

"Ndine wokalamba, ndinamva molakwika. Chingerezi si changa."

"Simunamve molakwika zonse," anatero Charmaine.

A Mailosi anapemphera naye, m'Chinyanja, atagwira mutu wake. Anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo kombi itabwera anaima pomwepo mpaka inakhota.

Miyezi yoyamba Charmaine ankaimba pafoni ya mayi Hafsa Lamlungu lililonse. A Mailosi ankasamba n'kukhala pakhonde kudikira, ndipo foni ikalira ankayankhula mokweza ngati Gweru ili kutsidya kwa nyanja. Kenako anayamba kuimba kamodzi pamwezi. Anawauza kuti ndi woyembekezera, kuti Admire amakhalitsa paulendo, kuti apongozi ndi ovuta koma akupirira. Pambuyo pake foni inasiya kulira. Mayi Hafsa atayesa kuimba, nambalayo sinkapezeka. A Mailosi ankasambabe Lamlungu masana n'kukhala pakhonde, ndipo mayi Hafsa ankasiya foni pazenera kuti aziiona.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Anagona sabata ziwiri, mayi Hafsa akuwaphikira phala, a Naison akubwera kudzawatembenuza. Sanafunse za Charmaine, kupatula tsiku limodzi pamene anafuna kudziwa ngati mwana uja anabadwa. Mayi Hafsa anati sakudziwa. A Mailosi anamwalira m'mawa wina kunja kukuwomba mphepo. Anaikidwa ndi bungwe la maliro la Amalawi a m'Chitungwiza, limene anakhala membala wake zaka zambiri. Anthu sanachuluke. Mayi Hafsa anatuma uthenga ku Unit A, koma anapeza kuti mayi Florida anapita kumudzi kukakolola.

Charmaine anamva patatha mwezi ndi theka, atabwera kudzaonetsa mwana kwa mayi ake. Foni yake inabedwa mubasi, anatero, ndipo manambala onse anapita nayo. Anafika ku Unit D ndi khanda kumsana, n'kupeza m'kachipinda muja mukukhala anthu ena. Mayi Hafsa anatseka malonda awo tsiku limenelo n'kumuperekeza kumanda.

Manda anali atakula. Mizere yatsopano inali itawonjezeka, milu ya dothi lofiira yofanana yokhayokha, ndipo timalata tambiri tolembapo mayina tinali titazulidwa ndi otola zitsulo. Mayi Hafsa anayenda uku ndi uku. Ankakumbukira kuti panali chitsamba chaminga pafupi, koma zitsamba zinali zitadulidwa. Pomaliza anaima pakati pa milu iwiri.

"Ndi umodzi mwa iwiriyi. Sindikufuna kukunamiza."

Charmaine anayang'ana mulu wa kumanja, kenako wa kumanzere. Anamasula mwana, anagwada pakati, n'kuyamba kuyankhula Chinyanja chake chopindika chija. Ananena kuti wabwera, kuti mwana ndi wamkazi, kuti ku Gweru kumaziziradi. Mawu atamuthera anapitiriza m'Chishona. Mwana anayamba kulira chifukwa cha mphepo, ndipo mayi Hafsa anamutenga n'kumufunditsa chitenje chawo. Anadikira mpaka Charmaine anadzuka yekha, anamusasa dothi m'mawondo, n'kuyamba ulendo wobwerera kumsewu kukadikira kombi.